Mizere Imene Ndinkadumpha M'makalata a Achimwene

Banja la achimwene anga ndinalipasula ndine. Sindinawaikire mankhwala, sindinanenere munthu miseche, ayi ndithu, ndinalipasula ndi manyazi basi. Inu owerenga, ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, koma mundimve kaye, chifukwa lero ndili ndi zidzukulu koma nkhaniyi ikundidyabe mumtima.

Makolo athu anachokera ku Katete n'kudzapempha malo cha ku Chalimbana, kuno ku Chongwe. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene shuga ndi sopo tinkachita kuimira pamzere tsiku lonse, ndipo wopanda khadi la chipanicho pamsika sankayalapo ngakhale tomato. Achimwene anga a Lingisoni anapeza ntchito ku migodi, ku Kitwe. Nyumba ya banja sanawapatse msanga, choncho akazi awo a Esinati, amene tinkawatchula kuti Amake Daliso, anatsala kumudzi akusamalira munda ndi mwana. Alamu angawo kusukulu sanapondeko. Ine ndinali nditalekezera Fomu 2, ndipo ndinkadzimva kuti pamudzi ponse wophunzira ndine. Ntchito yowerenga ndi kulemba makalata a awiriwa inagwera ine.

Makalata ankafikira kusukulu ya pulayimale. Kalata ikabwera, alamu ankasiya zonse, kusamba m'manja, n'kuyala mphasa pakhonde. Kalata yoyamba inayamba bwinobwino ndi moni, kenako za feteleza, za denga lodontha, za nsapato za Daliso. Koma nditafika chakumapeto ndinaima. Panalembedwa kuti, “Esinati wanga, nakusowa. Nikatuluka pansi pa mgodi, munthu woyamba kumuganiza ni iwe.” Pansi pake anawonjezera kuti ine mlongo wawo ndiwerenge zonse, ndisachite manyazi.

Abale inu, ine ndinaleredwa kuti za kuchipinda kwa mlongo wako suziyandikira. Ndiye mawu oterowo a munthu wobadwa naye bere limodzi atuluke pakamwa panga? Ndinadumpha mizere yonseyo, n'kunena kuti akupereka moni kwa onse, kalata yathera pomwepo. Alamu anayang'ana pepalalo nati, “Yasila? Pepala lonseli, mlamu?” Ndinawayankha kuti achimwene amalemba zilembo zikuluzikulu.

Poyankha zinalinso chimodzimodzi. Alamu ankanena, ine ndikulemba: mbuzi yaswa ana awiri, nkhuku zatha ndi chideru, nkhokwe yapendama, Daliso waguluka dzino. Akamaliza zimenezo ankatsitsa mawu, maso ali pansi, akutokosa mphasa ndi chala. Ankati ndiwauze kuti nyumba yakula popanda iwo, kuti jekete lawo lakale sanalichotse pamsomali pamene analisiya, kuti akamva basi ikuima kumsewu mtima umagunda. Ine cholembera ndinkachiyendetsa m'mwamba osakhudza pepala, kenako n'kupinda kalatayo msangamsanga. Ndinkadziuza kuti zimenezo n'zachibwana, akakumana adzauzana okha.

Sanauzane. Achimwene ankabwera pa Khirisimasi, masiku anayi okha, nyumba ili yodzaza ndi achibale. Aliyense wa iwo anali kale ndi kachilonda kake, poganiza kuti iye anatsegula mtima koma mnzake sanayankhe. Alamu ankagwada n'kupereka madzi osamba, achimwene n'kuthokoza, ngati mlendo ndi mwininyumba. M'kupita kwa nthawi alamu analeka kutsitsa mawu kuja, achimwene nawo mizere yakumapeto ija inayamba kuchepa mpaka inatheratu. Ndikuuzeni zoona, ine ndinapepukidwa, chifukwa ntchito yanga inaphweka.

Patapita zaka zitatu panali ubatizo wa mwana wawo wachiwiri, Enelesi. Chinali chisangalalo chenicheni. Shuga tinamusonkhanitsa miyezi iwiri, tinapha mbuzi, anansi athu a mtundu wa Asoli anabwera ndi munkoyo wambiri, chakumwa chonga thobwa, achimwene anabweretsa chitenje chatsopano cha alamu. Titachoka kutchalitchi amayi anayamba nyimbo pabwalo, amalume n'kuwakhazika awiriwo pamphasa imodzi kuti anthu awayamikire posunga banja. Ndinawaona mmene anakhalira, pakati pawo pali danga loti mwana akanakhalapo.

Masana omwewo achimwene anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anandifunsa kuti, “Iwe, niuze zoona. Mlamu wako akamva makalata anga amakamba chani? Zaka zonsezi nimulembera za mumtima, iye angoniyankha za mbuzi na denga. Kapena ine nangokhala wogula feteleza chabe?”

Inu owerenga, cholakwa changa chachikulu chili pamenepa. Kudumpha kuja mungati unali umbuli wa mtsikana, koma tsiku limeneli ndinazindikira bwinobwino chimene ndinachita. Ndinatsala pang'ono kuulula. Kenako ndinaganiza za alendo odzaza bwalo, za amalume, za mmene andikalipire pamaso pa anthu ine wophunzira uja. Ndinangoti mwina alamu ndi amanyazi chabe, n'kubwerera kukagawa nyama.

Chaka chisanathe kunabwera kalata yaifupi. Achimwene anati nyumba ya kumgodi awapatsa, koma mukukhala mayi wina wa komweko amene amukwatira. Anati ana aziwathandiza monga kale, ndipo Amake Daliso apitirize kusunga munda poti ndiwo amaukonda. Kalata imeneyo ndinaiwerenga yonse, sindinadumphe ngakhale liwu limodzi. Alamu sanalire pamaso panga. Anafunsa ngati atchulapo za yunifolomu ya Daliso, kenako anatenga khasu n'kupita kudimba.

Ine ndinakwatiwa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo pakamwa ndinatsekabe. Kutchalitchi kutayamba sukulu ya akuluakulu, ndinamva kuti alamu alembetsa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti makalata akale aja chiswe chinadya kalekale.

Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa, ndinangoona alamu atulukira ndi chitini cha mabisiketi m'khwapa. Anakhala pansi, anatsegula, n'kutulutsa kalata yoyamba ija. Anaika chala pamzere n'kuyamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, akugwiragwira chilembo chilichonse monga amachitira ana a Giredi 1. Anawerenga kuti Esinati wanga, nakusowa. Anatenga yachiwiri, yachitatu, mpaka chitini chinatha, ine mpeni uli m'manja. Atamaliza anandiyang'ana nati, “Nanga mawu anga aja, mlamu, munali kulemba?” Ndinapukusa mutu. Iwo anati, “Ine n'nali kuganiza kuti sanifuna.” Anabweza makalata m'chitini, anatsazika bwinobwino, n'kumapita. Bola akanandimenya mbama.

Alamu analembera achimwene kalata ndi dzanja lawo, inenso ndinalemba yanga youlula zonse. Yankho linabwera kwa alamu okha. Achimwene anati analira powerenga, koma mayi wa ku Kitwe uja anali kale ndi ana awo awiri ndipo sakanatha kumuthamangitsa. Awiriwa sanakhalenso nyumba imodzi. Daliso ndi Enelesi anakula akuona bambo awo pamaliro ndi pamaukwati, ndipo ine achimwene anakhala zaka zambiri osandilankhula.

Ndiye ndikupempheni, inu amene mumatumidwa mawu pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, kaya ndi pakamwa, kaya ndi pafoni ya masiku anoyi: kafikitseni onse monga mwawalandirira. Ngati akukuchititsani manyazi, kanani poyera kuti apeze wina, musasankhe nokha oti afike ndi oti atsale. Mukalakwa, ululani tsiku lomwelo limene mwafunsidwa, chifukwa kukalipiridwa kumatha koma banja likapasuka silibwerera. Nanu apabanja, musamangouzana za denga ndi mbuzi. Zinazo nenani nokha, pamaso, musanayambe kuganizirana zoipa.

Amake Daliso ali moyo mpaka lero, ndipo amawerenga Baibulo kutsogolo m'tchalitchi. Amandipatsa moni, ndikadwala amabwera kudzandiona ndi maungu pamutu. Koma kuchokera tsiku lija sananditumenso kanthu, ngakhale kungoti ndikawaitanire mwana kuseri kwa nyumba.