Masamba pa Mtsetse wa Lapani

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mbuzi. Ndinali nditalephera mayeso a setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, kachiwiri, ndikungokhala pakhomo kwathu kufupi ndi Lifidzi, pamene mbuzi ya mayi inakalowa m'dimba la a Mbewe n'kudya kabichi wawo. Mayi anandituma kukapepesa. Ndinawapeza a Mbewe atagadamitsa njinga pabwalo, akumanga masipoko. Anandimvetsera mpaka ndinatsiriza, kenako anandiyang'ana m'miyendo.

"Miyendo yonseyi, Zuze, ntchito yake ndi kuthamangitsa mbuzi basi? Ubwere Lolemba."

A Mbewe anabwerera kuchokera ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo itatha, ali ndi njinga imodzi ndi thumba la mbewu ya kachewere. Pamene ine ndimayamba anali ndi njinga zitatu, ndipo ntchito yake inali kunyamula kachewere wa alimi kupita naye ku msika wa Ulongwe, masiku ena mpaka ku Kalomwe, kumalire. Ine anandipatsa njinga yakale ija, yakuda, imene anabwera nayo. Ankati ndi mkazi wawo wamkulu, ndipo akazi awo enieniwo ankangoseka.

Sabata yoyamba sanandilole kukwera n'komwe. Ndinkaphunzira kumanga katundu: thumba ligone mopingasa pa chitsulo chakumbuyo, pansi pake kathabwa, malegeni adutse katatu, mfundo ikhale kumanzere kumene munthu amatsikira. Pansi pa chishalo ankamangirirapo kathumba, ndipo m'menemo simunkayenera kusowa bomba wopopera, kola ndi zidutswa za kamara wakale wa m'tayala zomatira pobooka, ndi shavi, sipanala ya teni yomangira timabawuti. Koma chimene ankachilalikira kwambiri chinali travau, ndiye kuti zoimitsira njinga. Mphira zake ankadula okha kuchokera ku tayala lakale la galimoto. Lamulo lawo linali lakuti ukafika pamwamba pa mtsetse uliwonse, tsika, finya travau onse awiri, kankha njinga. Ikakana kuyenda, kwera. Ikayenda, usakwere.

"Kupalasa amatha aliyense," ankatero. "Ine ndikufuna wodziwa kutsika."

Njira imeneyo ndinaikonda, ndisaname. M'mwezi wa Juni tinkanyamuka nkhungu idakali m'madambo, zala zitauma pa chiwongolero, ndipo dzuwa likamatuluka mapiri ankaoneka amodziamodzi, la Domwe uko, la Dedza uko. Ukafika mwezi wa Ogasiti mitengo ya mapichesi inkachita maluwa m'makomo monse, fumbi lofiira lili tolo! kumbuyo kwa ngolo za ng'ombe. Pa zitunda tinkakankha, chifuwa chili pa thumba, osayankhulana. Ndiye panali mtsetse umodzi wautali, wokhota pakati, umene anyamata a njinga tinkautcha kuti Lapani, poti munthu umayenera kulapa machimo ako usanauyambe.

Kumunsi kwa Lapani kunali mudzi, ndipo m'mbali mwa msewu munkakhala mayi wina wachikulire, a Nangozo, ndi chidebe cha thobwa. Aliyense wa njinga ankaima pamenepo. Ine ankanditcha Miyendo. "Miyendo wafika! Imwa, mwana'nga, ukuoneka ngati udzu wa m'chilimwe." Ndikamaliza chikho ankandithirira china, chimene ankati n'cha msewu, ndipo chimenecho sichinkagulidwa.

Tsiku lovutalo linabwera nditagwira ntchito miyezi isanu, nthawi imene munthu umayamba kudziona ngati katswiri. M'mawa umenewo a Mbewe anayang'ana travau wanga, anapukusa mutu, n'kundipatsa mphira zatsopano zinayi. "Ikapo usananyamuke." Iwo anapita kudimba. Ine ndinaona anzanga awiri akudutsa pamsewu akundiimbira mluzu, ndinaponya mphirazo m'thumba la kabudula, ndikuti ndikaika ku Ulongwe. Anzangawo anali ndi katundu wopepuka ndipo anandisiya pa chitunda choyamba. Pofuna kuwapeza, nditafika pamwamba pa Lapani sindinatsike. Ndinangolowa.

Nditakhota pakati paja ndinaona masamba. Nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu, ndipo kutsogolo kwake anthu atakhala mbali zonse ziwiri, amuna uku, amayi uko. Maliro. Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti ukaona masamba pamsewu, wa njinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha mwakachetechete mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Ndinafinya travau. Zitsulo zinangolira pa mkombero, kweee, njinga osamva. Ndinafinyanso mpaka zala kuwawa. Ndinaponda tayala lakutsogolo ndi phazi, patapata linathothoka n'kuuluka. Mayo ine!

Ndinadutsa pa masambawo ngati mphepo, chipewa chili kumutu, ndikukuwa kuti, "Pepani! Travau! Pepani!" Nyimbo ya amayi inaduka. Ndinaona gogo wina akukoka mwana pamsewu. Ndinapita kukathera m'munda wa nyemba kuseri kwa mudzi, ine uko, njinga uko, thumba litang'ambika, kachewere ali mbwee m'mizere.

Oyamba kufika anali adzukulu, anyamata okumba manda, makasu ali m'manja. Mkulu wawo, bambo wamfupi wa dothi m'miyendo, sanakweze mawu. Anandiyang'ana ndikutuluka magazi m'chigongono nati, "Iwe, kwanu kulibe maliro?"

Anadzutsa njinga, anaikankha kupita nayo kusiwa. "Mwini wake abwere yekha." Ndikutolera patapata langa ndinafunsa mnyamata wina kuti watisiya ndani. Anati, "A Nangozo a thobwa." Ndinakhala pansi pomwepo m'fumbi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso m'moyo wanga.

Ndinabwerera wapansi. Njira yonse ndinkaganiza za njinga yakuda ija, imene inapulumuka ku Malawi n'kudzagwidwa m'manja mwanga, ndipo ndinkadziwa kuti ntchito yatha. A Mbewe ndinawapeza akutsuka khasu. Ndinafotokoza zonse nditagwada.

"Wagunda munthu?"

"Ayi."

"Iwe wathyoka?"

"Ayi."

"Mphira zija zili kuti?"

Ndinapisa m'thumba n'kuzitulutsa, zonse zinayi. Anaziyang'ana. Akanandimenya khofi, mwina zikanandipepukira. Anangoti, "Zisunge. Mawa tilawirira."

M'mawa mwake tinayenda wapansi, iwo atavala jekete lawo la kutchalitchi, tambala ali m'khwapa. Maliro anali oti aikidwa tsiku lomwelo. Titafika pa masamba anavula chipewa, ine ndinachita chimodzimodzi. Anakakhala pansi pamaso pa mkulu wa adzukulu ndi achibale a malemu, anaomba m'manja, nati, "Mwanayu ndi wanga. Njinga ndinamupatsa ndine, ndiye wadutsa pamaliro ndine. Tabwera kudzagwira mwendo." Anapereka tambala uja. Anatinso kachewere amene anamwazika uja aphikire anthu, mwini wake akalankhula naye okha.

Mwana wamkazi wa a Nangozo anandiyang'anitsitsa, maso ali ofiira. "Si Miyendo uyu?" Ndinavomera ndi mutu. "Amayi akanakhala moyo akanaseka mpaka kugwa. Ankanena kuti mwana ameneyu tsiku lina adzalowa ndi njinga m'chidebe." Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinalira, kulira kwenikweni, pamaso pa anthu onse.

Tinakhala nawo mpaka kumanda. Titabwerako adzukulu anatulutsa njinga. Foloko inali itapindika pang'ono, koma inali yamoyo. Ndinaikankha mpaka kudutsa masamba a kumtunda, ndipo pamenepo a Mbewe anaima. "Tulutsa shavi." Ndinamasula mphira zakuthazo, zopyapyala ngati khungu la anyezi, ndinaika zatsopano, iwo ataimirira osandithandiza. Nditamaliza anafinya, anakankha, njinga inakana.

"Zuze, travau si wako. Ndi wa anthu amene ali kutsogolo, amene sunawaone." Anavala chipewa. "Mawa kuli matumba awiri a ku Kalomwe. Usachedwe."

Ndinawagwirira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Lero ndili ndi kanyumba kanga kokonzera njinga ku Ulongwe, ndipo anyamata amandidandaula kuti munthu akabwera ndi tayala loboola ine ndimayamba ndafinya travau. Adandaule. Njinga yopanda mphira sichoka pakhomo panga.

A Mbewe anatisiya chaka chathachi, nyengo ya mapichesi. Nyumba yawo nayonso ili kumunsi kwa kamtsetse. Uthenga utandipeza ndinathamangira kumeneko, ndipo ndinapeza adzukulu akuyala masamba pafupi ndi bwalo, monga amachitira. Ndinawapempha chikwanje. Ndinadula nthambi zina, ndinakwera nazo mtunda wonse mpaka pamwamba penipeni, pamene wa njinga amayambira kuona kutsetsereka, n'kuziyala pamenepo.

Mdzukulu wina ananditsatira. "Achimwene, kutali konseku? Maliro ali kumunsi."

"Zisiyeni pompano," ndinatero. "Munthu wa katundu amafunika malo oti aimire."

Ndinaima pambali. Posakhalitsa anatulukira mnyamata wa matumba awiri a kachewere, thukuta lili kamukamu. Anaona masamba, anafinya travau, anatsika, anavula chipewa, nayamba kukankha pang'onopang'ono kulowera kwa a Mbewe. Ine ndinamutsatira pambuyo, nditagwirira thumba lake kuti lisamukoke.