Madzi Atakanira pa Phompho

Inu amene mantha akutsekerani m'nyumba, imvani za mayi wina amene analephera kusintha babu m'chipinda chake chomwe.

Anthu ankamutcha Sipanala. Anali mmisiri wa mapaipi, ndipo dzinalo analitengera pa chitsulo chimene sichinkachoka m'thumba la ovolosi yake. Nsanja za mathanki ankazikwera ngati akupita kukhitchini. Ndiye tsiku lina makwerero anaterereka. Anagwa n'kuthyoka chiuno, ndipo anagona m'chipatala mpaka anamwino anayamba kumuuza za mavuto a m'mabanja mwawo.

Chiuno chinapola, koma mtima unakana. Akangoponda pampando, ankatsikapo msangamsanga, thukuta lili kamukamu. Babu litapsa, anagula kandulo. Makasitomala anatha mmodzimmodzi, pakuti palibe amene amaika thanki ya madzi pansi pa bedi. Mayi amene ankadyetsa abale anayamba kudyetsedwa, ndipo zinkamuwawa kuposa chiuno chija.

Tsiku lina kunabwera mlongo wake wamng'ono, telala wa pakamwa posatopa.

"Achemwali, mwasanduka kabati m'nyumba muno. Gulu lathu likupita kumapiri kukagwira ntchito yongodzipereka. Tikusowa wa mapaipi."

"Kumapiri? Ine wolephera pampando?"

"Paipi imayenda pansi, si mbalame. Mukakhala m'ngalande basi."

Anamunamiza pang'ono, monga amachitira abale akatikonda.

Ulendowo Sipanala sanauone. Lole itayamba kukhotakhota m'mbali mwa phiri, anzake anatulutsa mafoni kujambula mitambo imene inali pansi pawo. Iye anagona chafufumimba pakati pa mapaipi, atafunda nsalu kumutu, akupemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, ndi a chakudya omwe.

Mudziwo unali wa nyumba zokangamira paphiri. Odzipereka aja anagawana ntchito. Ena ankabzala mitengo, ena ankaumba mbaula zosatha nkhuni. Sipanala anapatsidwa madzi: kuwatenga pa kasupe wa kumtunda n'kuwatsitsira pakati pa mudzi, popanda injini kapena magetsi, madziwo azingoyenda okha.

Ankagona kwa mayi wina wamfupi, woweta mbuzi, wosachuluka mawu, amene onse ankamuitana kuti Make Mapasa. Kuseri kwa chitseko kunali ndowa yachitsulo yophwanyika mbali imodzi. Mmisiri sapirira kuona chinthu chopindika, choncho Sipanala anapempha kuti aiwongole.

"Isiyeni, amisiri," anatero Make Mapasa. "Inali ya mwana wanga woyamba. Ndowayo tinaipeza tsiku lomwelo. Mwini wake tinamupeza mawa lake."

Apa m'pamene Sipanala anamva za njira ya ku kasupe. Inali kanjira kopapatiza, mbali iyi thanthwe, mbali iyo phompho. Nyengo ya mvula kankaterera ngati sopo. Ndipo mapasa aja, atsikana awiri ofanana ngati mazira, anali atafika msinkhu wosenza ndowa. Madzi akapanda kufika m'mudzi mvula isanayambe, iwonso aziyenda pomwepo.

Sipanala anagwira ntchito ngati wobwerekedwa. Ankakumba, kulumikiza, kukwirira, ndipo achinyamata a m'mudzimo ankatopa iye asanatope. Koma paipi inayenera kudutsa pa kanjira kaja, ndipo pamenepo mmisiri wathu anapeza zifukwa zambirimbiri. Chiuno, mutu, dzuwa. Anasenzetsa mapaipi mlongo wake ndi anyamata, iye n'kutsalira kumunsi.

"Yatsika bwinobwino?" anafunsa Sipanala mlongo wakeyo atabwerako.

"Yatsika, achemwali. Msoko wake wowongoka."

Sanafunsenso. Ankaopa yankho limene likanamukweza phiri.

Tsiku lotsegula mpopi linali tsiku lomwelo loti gululo linyamuke kubwerera kwawo. Mudzi wonse unasonkhana ndi ndowa, ena atatenga ndi mabafa omwe. Sipanala anapotokola mpopi. Unatsokomola, unalavula timadontho, kenako zii. Anadikira. Anatseka, anatsegulanso. Palibe.

Kuseri kwa phiri kunali kutada bii, ndipo bingu linali litayamba kung'ung'udza. Dalaivala wa lole sanabise mawu.

"Mvula iyo ikangogwa, msewu watha mpaka chaka chamawa. Ine ndikuliza injini, kaya ndi inu kaya ndekha."

Sipanala anakokera mlongo wake pambali. "Iwe, kumtunda kuja munatani?"

"Palibe. Kungoti panali chimwala panjira, ndiye paipi tinaikweza pamwamba pake n'kuitsitsanso. Zinaoneka bwino kwabasi."

Sipanala anazindikira vuto pomwepo. Paipi ikakwera n'kutsikanso, pa linunda pakepo pamakhala mpweya, ndipo mpweyawo umatsekereza madzi ngati chitsekerero cha botolo. Mmisiri aliyense akanaona zimenezo ndi diso limodzi. Telala analibe mlandu. Wolakwa anali amene anatuma telala. Panafunika kuboola pa linunda penipeni n'kumangapo kampopi kotulutsira mpweya, ndipo kampopiko kanalipo kamodzi kokha.

"Ndiuzeni mochitira, ndipita ndine," anatero mlongo wake, nthabwala zonse zitamuthera.

"Ukaboola pambali, paipi ing'ambika. Ina tilibe."

Anthu anayamba kubalalika mwakachetechete, ndipo chete ameneyo anali wowawa kuposa kutukwanidwa. Make Mapasa sanadandaule. Anangotola ndowa ziwiri, n'kupatsa ana ake aja imodzi imodzi, kuti akatunge mvula isanagwe.

Sipanala anaona timiyendo tawo tikulunjika njira ya kuphompho.

"Tulani ndowazo!" anakuwa. Anadzidzimuka yekha kuti wanena ndi iye.

Make Mapasa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anapita kukhola, anamasula chingwe cha tonde, n'kumanga nsonga imodzi m'chiuno mwa Sipanala, inayo m'chiuno mwake.

"Mayi, ndikagwa ndikukokerani pansi."

"Ndiye musagwe. Ana anga akufuna mayi wawo."

Pofika pa kanjira kaja, mphepo inali itayamba. Sipanala anangosuzumira kamodzi, n'kuona nsonga za mitengo kutali pansi pa mapazi ake. Dziko linazungulira. Anamvanso makwerero aja akuterereka, anamvanso fupa likuthyoka. Anagwada, n'kuyamba kukwawa, chikwama cha zitsulo chikumumenya pamsana.

"Yang'anani mwala," anatero Make Mapasa ali patsogolo. "Pansipo palibe chanu."

Anakwawa. Timiyala tinkagumuka pansi pa mawondo ake, ndipo sankatimva tikufika. Pakati penipeni, pamene kanjira kanachepa kwambiri, bingu linagunda pafupi. Sipanala anakakamira thanthwe, zala zitauma gwa. Kutsogolo kunakanika, kumbuyo kunakanika. Analira ngati mwana, mamina ndi misozi pamodzi.

"Sindingathe, mayi. Ndisiyeni pano."

Make Mapasa sanamukoke. Anakhala pansi, msana atatsamiritsa kuthanthwe.

"Pamene mwagwadapo m'pamene anaterereka mwana wanga," anatero. "Ine ndimadutsapo m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ndimaopa."

"Nanga mumatani?"

"Ndimaopa ndikuyenda."

Sipanala anatsegula diso limodzi. Pafupi ndi tsaya lake panali paipi yakuda ija, yomangiriridwa kuthanthwe ndi mawaya a telala. Anaigwira. Phiri sankalidziwa, koma paipi ankaidziwa. Anaitsatira ndi dzanja, bondo likutsatira dzanja, mpaka anagunda chimwala chija.

Anatulutsa sipanala yake n'kuyamba kugogoda paipi pang'onopang'ono, khutu lili pompo. Kumtunda inkalira mogonthera, kusonyeza kuti muli madzi. Anasuntha, anagogodanso. Pamwamba pa chimwalacho inalira ngati chitini chopanda kanthu. Anapapeza.

Koma linundalo silinkafikika chogwada. Anayenera kuimirira, ndipo choboolera chinkafuna manja onse awiri. Kunena zoona, apa m'pamene panali phiri lenileni: kuchotsa dzanja pathanthwe. Chingwe cha tonde chinakungika m'chiuno mwake, kumuuza kuti wina wamugwira. Anaimirira, anachotsa dzanja limodzi, kenako linalo, n'kuyamba kupukusa.

Paipi inachita psii, mpweya ukuthawa. Kenako madzi ozizira anamuthovukira kumaso. Anamanga kampopi kaja maso ali otsinzina, zala zikuchita zokha zimene zinazolowera. Atamaliza anaika khutu papaipi, n'kumva madzi akuthamangira kumunsi.

Patapita kanthawi, kuchokera pansi pa phiri kunamveka phokoso la ndowa zikuombedwa ndi anthu akukuwa. Dontho loyamba la mvula linamugwera pakhosi.

Pobwerera anakwawanso, musaganize kuti anasanduka mbuzi ya m'phiri. Anafika m'mudzi ovolosi itang'ambika m'mawondo, lole ikulira kale. Mlongo wake anamukumbatira, akupukuta m'maso.

"Ovolosiyi ndisoka ulere, achemwali."

"Usoke ovolosi yokha. Paipi usadzaikhudzenso."

Ali m'lole, Sipanala anacheuka. Make Mapasa anali atatulutsa ndowa yophwanyika ija kuseri kwa chitseko n'kuitchera pampopi. Madzi ankalowa n'kumatuluka pong'ambika, kuyenderera mpaka kumapazi a mapasa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti akuwononga madzi.

Atafika kwawo, chinthu choyamba chimene Sipanala anachita ndi kukwera pampando n'kusintha babu lija. Lero akukweranso nsanja za mathanki, atamanga lamba wachitetezo m'chiuno, ndipo chilimwe chilichonse amapita ndi gulu lija kumidzi ya kumapiri. Paipi iliyonse amaiyendera yekha, kuchokera pa kasupe mpaka pampopi. Mukamufunsa ngati mantha anatha, amaseka n'kukuonetsani manja ake akunjenjemera.

Mwina nanunso munagwapo, ndipo mukudikira tsiku limene mtima udzasiye kugunda kuti muyambirenso. Tsiku limenelo silibwera. Pezani wokugwirirani chingwe, yang'anani ntchito imene manja anu akuidziwa, ndipo ngati kuimirira kwakanika, kwawani. Kumunsi kuli anthu atchera ndowa, akudikira inu. Musataye mtima: opani mukuyenda.