Moni wa Anastasia ndi matumba a malambe

Abale anga, pali ntchito ina imene munthu umagwira ndi mtima wonse koma osaona phindu lake. Zimawawa.

Anastasia wa ku Phalula anaziona zimenezi. Makolo ake anamwalira iye ali Fomu 2, mayeso a Fomu 4 analephera, ndipo ankadyera makala amene ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Amayi a m'mudzi atayambitsa gulu lopanga ufa wa malambe, bungwe lina linawatsegulira webusaiti n'kuwasiyira foni. Wapampando, mayi Dalesi, anapereka foniyo kwa Anastasia poti ndiye anapitako kusukulu.

Mtsikanayo ankalemba pa webusaitiyo tsiku lililonse. Koma ogula? Ziii! Matumba a ufa anangodzaza m'nyumba ya mayi Dalesi, mvula ili pafupi, denga lake lodontha. Amayi anayamba kunong'onezana kuti fonitu ikungosangalatsa mwana wa eni. Ufawo ukawonongeka, gulu latha, Anastasia abwerera ku makala.

Tsiku lina anapita ku Balaka kwa Clever, wokonza mafoni, poganiza kuti foni ndiyo yafa. Clever anatsegula webusaitiyo, naseka mpaka kugwira m'mimba. Nkhani iliyonse mutu wake unali moni: "Mwadzuka bwanji nonse", "Takulandirani abale", "Tithokoze Mulungu kwacha". Mwana woleredwa bwino sayamba nkhani asanalonjere, ndiye Anastasia ankalonjera basi. Za malambe zinali pansi penipeni, zosakanikirana ndi za maliro ndi za mvula.

"Achemwali," anatero Clever, "alipo munthu amene amafunsa Google kuti wadzuka bwanji?"

Anastasia anachita manyazi mpaka misozi. Clever atamva chisoni anamufotokozera kuti wosaka pa intaneti amalemba chimene akufuna, ndipo webusaiti imafunika tsamba limodzi lalikulu pa mutu uliwonse, timasamba tina tonse tikulozera kumeneko.

Pobwerera mu minibasi, Anastasia ankayang'ana milambe ya m'mbali mwa msewu. Umaona thunthu uli kutali, nthambi umaziona ukafika. Apo m'pamene zinamulowa: tsamba lalikulu ndiye thunthu, timasamba tina ndiye nthambi.

Anayambiranso. Anakumbukira zimene apaulendo ankafunsa akaima pa Phalula: ufawu mumapanga bwanji, umasungidwa bwanji, nanga juwisi amasungunula motani? Anamanga tsamba lalikulu la ufa wa malambe. Pansi pake anaika la kasungidwe, la juwisi, la phala la ana, lililonse likulozera ku tsamba lalikulu, lalikulunso likulozera kwa iwo. Nkhani zakale anazisintha mitu imodziimodzi, bandulo ikumuthera pakati, netiweki akuisaka pachulu.

Ndisakunamizeni kuti zinayenda pompo, iyayi. Mvula inagwa, matumba ambiri anachita nkhungu. Amayi angapo anachoka m'gulu. Mayi Dalesi anabwera kudzatenga foni, ndipo Anastasia anagwada pakhomo.

"Mayi, ndisiyireni mpaka malambe akhwimenso. Zikakanika ndidzabweza ndekha."

Mayiwo anangopukusa mutu n'kubwerera, foni atamusiyira. Miyezi imeneyo Anastasia ankagulitsa makala m'mawa, masana n'kumalemba, zala zakuda bii pagalasi la foni. Anzake ankamuseka kuti wakwatiwa ndi intaneti.

Malambe atayamba kugwa, foni inalira iye ali pamsewu. Anali mayi wina wa ku Zomba wopanga juwisi wa m'mabotolo. Analemba "ufa wa malambe" pa Google, anapeza tsamba la ku Phalula, anawerenga masamba onse mpaka la kasungidwe, ndipo ankafuna ufa mwezi uliwonse. Koma asananene zonsezo, mawu ake oyamba anali akuti, "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anastasia anaseka, misozi ikutsika. Anayankha moniwo bwinobwino, mosafulumira, kenako anathamangira kwa mayi Dalesi atasiya makala pamsewu.

Lero gululo lili ndi nyumba yamalata yosungiramo ufa, ndipo amayi amene anachoka anabwerera okha.

Inu amene mukugwira ntchito koma palibe akukuonani, mwina katundu wanu alibe vuto, kwangotsala kumuika poti wosaka amupeze. Funsani, lolani kusekedwa, konzaninso. Mvula ikakuwonongerani matumba a chaka chino, musabweze foni. Osataya mtima, malambe adzakhwimanso.