Chala cha Am Hedi

Bambo amene tinkawatchula mwaulemu kuti Si Taoufik Jlassi anameta amuna a m'tauni mwathu kuyambira ali mnyamata mpaka mutu wawo utayera mbuu, ndipo ine ndinakulira pa mpando wawo. Anali munthu wa manja ofewa ndi pakamwa posatseka. Dokotala atawauza kuti matenda a shuga ayamba kuwadya maso, tonse tinkayesa kuti apita ku Haji kapena azingokhala pakhonde n'kumawerenga mikanda yopempherera ya tasibi. Iwo anasiyira mkamwini wawo shopu, n'kugula kandege koulutsa ndi wailesi, kofiira kuti azikaona bwino. Akazi awo anawanyanyala mpaka azibale analowererapo.

Chomwe ankafuna chinali chimodzi basi: kuteretsa ndegeyo ndi manja awo, ngakhale kamodzi kokha, maso asanachite mdima.

Ife a kagulu koulutsa tindege, ndege zathu timaulutsira ku sabkha, chigwa cha mchere cha kuseri kwa minda ya maolivi. Kulibe mtengo, kulibe mbalame, ngakhale ntchentche sifikako. Dzuwa likakwera kumaoneka madzi pomwe palibe madzi, ndipo munthu woima patali amaoneka ngati alibe miyendo. Ndimapitako Lamlungu lililonse, koma malowo sindinawakondepo.

Mphunzitsi wathu tonse anali Am Hedi, nkhalamba yomwe kale inkakonza mawailesi, youma pakamwa, yodwaladwala mtima. Ankaphunzitsa ali khale pa kampando kopinda, kumbuyo kwa wophunzira. Aliyense amagwira bokosi lake la tindodo tiwiri, ndipo mabokosiwo amalumikizidwa ndi chingwe. Pa bokosi la mphunzitsi pali kabatani ka sipuling'i. Akakadina ndi chala n'kugwirabe, ndege imamvera wophunzira. Akangochotsa chalacho, imabwerera kwa mphunzitsi, ndipo bokosi la wophunzira limasanduka chikuni. Chingwecho timachitcha mchombo, ndipo munthu akateretsa yekha bwinobwino timati wadula mchombo, agule tiyi.

Kunyamuka ndi kuzungulira m'mwamba Si Taoufik anaphunzira msanga. Chinawavuta ndi chomwe chimavuta oyamba onse. Ndege ikamapita kutali, kumanja kwake ndi kumanja kwako. Ikatembenuka kumabwera kwa iwe, zimasinthana. Am Hedi ankawauza kuti phiko likatsika, azikankhira kandodo kumbali ya phiko lotsikalo, ngati akulichirikiza ndi mzati. Si Taoufik ankavomera ndi mutu, koma ndege ikayandikira pansi chala chawo chinkathawira kwina, ndipo Am Hedi ankailanda isanabaye mchere.

Ine ndi pakamwa pangapa sindinkawasiya. Tsiku lina ndinati, "Si Taoufik, moyo wonse mwagwira ntchito pagalasi, kumanja ndi kumanzere sikunakulowenibe? Nanga makutu athuwa anapulumuka bwanji?"

"Lako ndinalisiya dala, Lassaad," anayankha. "Ndinaona kuti silimva kale."

Chilimwe chinatha, china n'kubwera. Amene anayamba m'mbuyo mwawo anadula mchombo, tiyi tinamwa. Kenako tinaleka kuwaseka Si Taoufik, chifukwa anayamba kufunsa funso lomwe linkatiopsa. Ndege ikakhala patali ankanena chapansipansi kuti, kodi ikubwera kapena ikupita? Ndinkawamvera chisoni kwambiri, ndipo nthawi zina ndinkakwiya nawo, kuti bwanji munthu wamkulu kudzizunza chonchi ndi choseweretsa.

Lamlungu lomwe ndikunenali kunalibe mphepo ngakhale pang'ono. Am Hedi anafika mochedwa, nkhope ili ngati phulusa, ndipo anakana tiyi ndi buledi wopaka tsabola wa harisa yemwe timagawana tisanayambe. Anakhala pampando, n'kuika bokosi pamiyendo.

"Taoufik, lero chala sindichotsa," anatero. "Ukaigwetsa, waigwetsa."

Ndege inanyamuka bwino. Anzathu ena anali chapatali akulimbana ndi injini yokana kulira, ine ndinali chapafupi ndikumanga phiko la ndege yanga. Kandege kofiirako kanazungulira kangapo, kenako kanapita kutali kuti kakatembenuke kudzatera. Sindikudziwa chinandichititsa kucheuka. Chipewa cha Am Hedi chinali pansi pa mchere. Chibwano chinali pachifuwa, maso ali otsegula, akuyang'ana nsapato zawo. Bokosi linali pamiyendo pomwepo, koma manja onse awiri anali lende m'mbali mwa mpando.

Ndinadziwa tanthauzo lake nthawi yomweyo. Chala chachoka pa batani. Ndege yabwerera ku bokosi lomwe palibe akuligwira, ndipo Si Taoufik, atayang'ana kumwamba, akusuntha tindodo topanda ntchito. Ndinangoima pomwepo, phiko lili m'manja. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Ndegeyo inatembenuka. Sinapitirire kutali monga imachitira ndege yotayika, inakhota bwinobwino n'kulunjika kwa ife. Ndinamva injini ikutsika mawu pang'onopang'ono. Ndinayang'ana tindodo ta pa bokosi la Am Hedi, koma kunyezimira kwa mchere kunandithobwa m'maso, ndipo mpaka lero sindinganene ngati tinkasuntha kapena ayi. Itayandikira pansi, phiko limodzi linatsika monga mwa nthawi zonse. Kenako linadzuka mofatsa. Matayala anakhudza mchere osadumpha, ndege inagudubuzika n'kudzaima patsogolo pa mapazi a Si Taoufik.

Anzathu aja anayamba kuwomba m'manja. Si Taoufik sanasangalale. Anangoima, bokosi lili m'manja, osacheuka, n'kuitana dzina la Am Hedi kamodzi, motsitsa mawu ngati akudzutsa mlendo. Kusabkha kunali zii.

Am Hedi tinawaika m'manda tsiku lomwelo itatha swala, pemphero la masana. Pa maliro anthu ankagwira Si Taoufik chanza kawiri, choyamba chopepesa, chachiwiri chowayamikira kuti adula mchombo mphunzitsi wawo akuona. Ine ndinauzako mnzanga mmodzi zomwe ndinaona, iye n'kunena kuti ndege yokonzedwa bwino imatha kutera yokha. Mwina. Koma ndege siikhota yokha kufuna mwini wake, ndipo siitsitsa injini yokha. Sindinauzenso wina.

Masiku olira atatha ndinapita kushopu kukameta ndevu. Ndinawapeza Si Taoufik atakhala pakona. Anauza mkamwini wawo kuti apite akamwe khofi, iwo n'kutenga lumo. Anandipaka thovu, n'kumafufuza tsaya langa ndi nsonga za zala, poti maso anali atatsala pang'ono kutheratu. Anameta mbali imodzi yonse osalankhula, chinthu chomwe sichinachitikepo pa mpando umenewo.

"Lassaad, mwana wanga, iwe ndi amene unachotsa bokosi pamiyendo pawo," anatero. "Chala chinali pati?"

Bodza linali kale pa lilime, ndipo likanakhala bodza labwino. Koma munthu amene wakumeta kuyambira uli mwana amamva ukameza malovu.

"Sichinali pa batani, Si Taoufik. Manja onse anali pansi ndege isanatembenuke."

Anapukuta lumo pa kansalu ka paphewa panga, n'kutembenuza chibwano changa kuti ayambe mbali inayo.

"Ndimadziwa," anatero. "Ndimangofuna ndimve kwa wina. Phiko lija litatsika, ine ndinakankhira kolakwika."