Tinsapato Tolira ku Chanyanya

Chaka chimene ndinayamba kukaoda nsomba kudoko la Chanyanya ndinali ndi ana awiri, khanda kumsana ndi kamtsikana ka zaka zitatu kamene sikankadziwa kuyenda, kankangothamanga. Bambo awo ankalawirira ku Lusaka kuntchito, amayi anga ali kwathu ku Katete, ndipo pa yadi yathu ku Nangongwe aliyense anali ndi kwake kopita. Ndiye kumene ndapita ine, ana komweko. Tinkakwera kumbuyo kwa kanta, kalole konyamula katundu, ine nditakhalira dishi, khanda ndalifunditsa chifukwa cha fumbi, mtsikanayo pakati pa miyendo yanga, dzanja langa lili pa diresi lake mpaka kukafika.

Ku Chanyanya nsomba sugula utaima pouma. Bwato likangoonekera, azimayi amakwinya zitenje n'kulowa m'madzi, ena mpaka m'chiuno, ndipo amene wayamba kuligwira ndiye amayamba kusankha. Ine ndinkatsala kumtunda nditagwira mwana, n'kumatola zotsala, zofewa mimba, zoti pofika ku Nangongwe ntchentche zayamba kale kuzilondola. Tsiku lina ndinamusiya dzanja kuti ndimange bwino khanda, potembenuka ndinamuona ali kale m'madzi, akutsatira botolo loyandama. Kumeneko za ng'ona amazikamba ngati za mvula, kuti dzulo inadutsa apa. Ndinamukoka, sindinamumenye.

Chapatali pang'ono ndi madzi panali chisakasa cha udzu, pamene mayi wina wachikulire ankawamba milamba pa waya. Sankachoka pamenepo. Anali ndi kamdzukulu kakamuna, kausinkhu wa mwana wanga, atakamanga mwendo ku mzati ndi chingwe cha ukonde. Ndinaganiza kuti ameneyu akhoza kundisungira mwana ndikalowa m'madzi. Mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti wamkulu sumupempha chimanjamanja, ndiye ndinagula shuga, buledi ndi sopo, monga timachitira popita kwa apongozi. Nditafika ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri.

"Ambuya, nabweretsako ka shuga."

Sanayang'ane m'pulasitikimo. Anangopapasa, n'kukankhira kwa ine.

"Bwato ya mwana wanga ili kale na mwine wake. Nyamula."

Azimayi amene ankapala nsomba pafupi anaphulika nako kuseka.

"Wabwera dzulo, lero afuna bwato!"

"Shuga imodzi afuna kukwatira bwato yonse. Ba sista, muzionjezako na saladi yophikira!"

Sindinkadziwa. Kumeneko shuga si moni. Woda nsomba akapereka shuga pakhomo pa msodzi, n'kulandiridwa, ndiye kuti nsomba za bwato limenelo woyamba kusankha ndi iyeyo. Ndipo mayi amene ankagula kwa mwana wa agogowo anali pomwepo, wamtali, mpeni uli m'manja, iye yekha osaseka.

Ndinanena mofulumira, mawu akuphonyana, "Sinifuna bwato, ambuya. Nifuna chabe munionereko mwana nikangena m'madzi."

"Nimuone na chani?"

Anadzutsa nkhope. Maso ake anali otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Utsi wa zaka zambiri.

"Uyu wanga wamene nimamanga monga mbuzi. Manje nifakeko na wako? Akayenda nizaziba bwanji?"

Ndinanyamula shuga wanga n'kubwerera naye ku Nangongwe.

Ndinapitiriza kupita, ndinapitiriza kutola zotsala. Poti ndinali woima kumtunda, ndinkangoona. Agogowo zonse ankachita ndi makutu. Mlamba ukapsa ankaumva mafuta akathetheka pamoto. Mwana wake ankamudziwa chifuwa asanatsike m'bwato. Kamdzukulu kakakhala chete ankakoka chingwe pang'ono, ngati woweza, kuti amve ngati kalipo. Chingwecho chinali chitasupula kakolo, ndiye ankachisintha, lero mwendo uwu, mawa winawo, n'kupaka mafuta ophikira pachilondapo. Kamwanako kankazungulira mzati mpaka chingwe kutha, n'kukhala pansi, n'kumayang'ana ana ena.

Tinsapato ndinatipeza mwangozi pa salaula, pamilu ya kaunjika, mu msika wa Kafue, ndikufuna juzi ya khanda. Ndinatsamira dzanja pa mulu, china chake n'kulira, tswi. Tinali tinsapato ta ana timene timalira mwana akaponda. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikutidina, mpaka wogulitsa anati, "Mayo, muzagula olo muzayimba nato kwaya?" Ndinafukula mulu wonse, ndinapita pa mulu wina, mpaka ndinapeza tina. Tina tofiira, tina tabuluu tong'ambika lamba, ndinasoka kunyumba.

Mwana wanga anavala tofiirato m'mawa mwake, ndipo mu kanta sanasiye kupondaponda. Bambo wina wonyamula matumba a mchere anati, "Amake mwana, mwanyamula makoswe?" Anthu anaseka. Ine mtima unali pa tabuluu timene ndinabisa m'chitenje, kuti kodi nato akandikankhira, kodi mayi wamtali uja aganiza kuti ndayambanso.

Ulendo uno sindinaike m'pulasitiki. Ndinagwada pambali pa mzati, pamene panali kamwanako.

"Ambuya, izi si za bwato. Ni za mwendo wa uyu."

Ndinamuika kansapato kamodzi m'dzanja. Anakapapasa, kunsi, kumwamba, kenaka anakadina mosadziwa. Tswi. Anadzidzimuka, n'kukafikitsa kukhutu, n'kudinanso. Anakoka chingwe, kamdzukulu kanabwera, anakaveka yekha, akulakwitsa miyendo, ine osamukonza. Kenaka anamasula mfundo ija ndi mano.

Kamwanako kanaima kaye, osakhulupirira. Kanaponda kamodzi. Kenaka kanaliyatsa liwiro kuzungulira chisakasa, tswi tswi tswi, wanga pambuyo pake, ndipo mutu wa agogowo unkatembenuka kutsatira, uku, uko, ngati akuona.

"Twalumba," anathokoza m'chinenero chawo, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Anamvetseranso. "Wako ni uja olira ka mau kang'ono?"

"Ni wamene, ambuya."

"Msiye. Yenda, bwato ibwera."

Ndinakweza khanda mpaka m'mapewa, ndinamanga chitenje kawiri, ndinalowa. Madzi anali ozizira, matope akumira, zigongono za azimayi m'nthiti, koma kumbuyo ndinkamva tswi tswi, ndipo ndinagwira bwato, lina, osati la mwana wa agogowo. Ndinayamba kusankha, zolimba, zofiira m'makha, ndikuponya m'dishi, ndikumvetsera, ndikuponya.

Kenaka kunangoti zii.

Dishi ndinaisiya ikuyandama. Sindikumbuka mmene ndinatembenukira. Ndinkangoona mphepete mwa madzi, bango, mabotolo, popanda diresi.

Mwana wanga anali kumtunda. Agogowo anali ataimirira kale, kunja kwa chisakasa, mwana m'dzanja ili, mwana m'dzanja ilo, onse opanda nsapato. Anawo anali atavula kuti akapondeponde m'chithaphwi. Tinsapato tili mbwee pamchenga.

"Iwe, gula nsomba!" anakuwa, nkhope italoza kumene kunalibe ine. "Zikalira nili pansi. Zikaleka nimanyamuka."

Dishi yanga inabwera yokha kudzandigunda m'ntchafu. Amene anaikankha ndi mayi wamtali uja, osandiyang'ana, n'kupitiriza zake. Nditatuluka ndinapeza agogo akumanga malamba a tinsapato ndi kachingwe ka ukonde, mfundo zimene ine ndinkachita kudula ndi lezala tikafika kunyumba.

Tinsapato sitinakhalitse. Mvula itayamba munalowa matope, tinayamba kulira mosasa, kenaka tinaleka. Pofika nthawiyo ana awiriwo anali atazolowera kuyankha akaitanidwa, ndipo chingwe sichinabwererenso pamwendo. Shuga ndinadzapereka pa Khirisimasi, nditayamba ndauza mayi wamtali uja, ndipo agogowo analandira.

Mtsikanayo pano amapita yekha kusukulu. Koma m'nyumba mukangoti zii, ndimapezeka ndaimirira, mpeni ndi nsomba zili m'manja.