Basi Sinaime pa Mbudzi

Amene anatilakwira ndi malume anga, a Jailosi a ku Unit D ku Seke, achimwene awo a mayi anga. Sanamenye munthu. Sanatenthe nyumba ya wina aliyense. Anangosankhira mng'ono wanga pepala lokakhalira ku Joni, basi. Pepalalo linamutengera kudziko limene anali asanapondeko phazi. Ndikulemba izi kuti ana amene akubadwa pano adzadziwe chifukwa chake kunyumba kwathu ku Zengeza 4 timatchula dzina la munthu amene iwo sanamuonepo.

Ine ndine Lameki. Mng'ono wangayo ndi Tinashe. Mimba ndi imodzi, abambo ndi awiri. Bambo anga anali Mshona. Anachoka ndisanayambe kuyenda, koma anandisiyira chitupa cha mwini dziko. Ndinakulira kufamu kwa agogo, kukomboni kumene aliyense ankalankhula Chichewa. Tinashe anabadwira m'tauni. Bambo ake anali mwana wa anthu ochokera ku Malawi, ngati mayi athu. Anamupatsa dzina la Chishona kuti anzake asamamuseke kusukulu. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha Chishona. Pa chitupa chake panalembedwa kuti ALIEN. Mlendo, kwawo komwe.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndinamenya mnyamata wina mpaka kumuchotsa dzino, sindinabwererekonso. Ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo pa Chikwanha, kenako ndinatsika ku Joni. Mwayi wanga unali wakuti ndinafika nthawi imene ankapereka pemiti ya zaka kwa anthu a ku Zimbabwe. Ndinailandira. Ndinakhazikika m'lokeshoni ina kunja kwa Durban, n'kumapanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo.

Khirisimasi ina ndinabwera kudzaona amayi. Inali nthawi ya madola a ku Amereka, akuda bii, ong'ambika, pamene chenji m'sitolo ankakupatsa maswiti. Tinashe anali atamaliza Fomu 4 ndipo ankagulitsa majusi kadi, mayunitsi a foni, m'mbali mwa Seke Road. Anati akufuna kunditsatira. Amayi anati nkhani yotere siyodula iwo, anatumiza uthenga kwa malume.

Anabwera Lamulungu pochokera kutchalitchi, atavala jekete yawo yakuda. Ndinawafotokozera zimene ndinkadziwa. Njira yabwino inali yoti Tinashe apite kumaofesi ku Harare, akasaine kuti si nzika ya Malawi, asinthe chitupa, atenge pasipoti ya Zimbabwe, ndiyeno ine ndimufunire pepala la ntchito kwa bwana wina amene ankandipatsa maoda. Inali njira yaitali, mwina chaka, mwina kupitirira. Panalinso pepala la othawa kwawo, limene anyamata ambiri ankayendera. Malume atamva limenelo anaseka, anafunsa kuti mwanayo wathawa ndani.

Iwo anali ndi njira yawo. Kutchalitchi kwawo kunali munthu wodziwa kutulutsa pasipoti ya Malawi kudzera m'dzina la agogo. Pasipoti imeneyo ku Joni amakudindira masiku a mlendo okha. Akatha, umapatsa dalaivala wa basi kuti akakudindirenso pa malire. Anati aliyense akuchita choncho.

Ndinati pepala la mlendo silokhalira, n'lochezera. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mwana wa mlongo wanga akasaine kuti akukana kwawo kwa makolo ake? Ine ndidakali moyo, ayi."

Iwo anabadwira kumgodi, m'Zimbabwe momuno. Ku Malawi anapitako kamodzi, kumaliro, ali mnyamata.

Ndinakweza mawu. Ndinaimirira. Amayi anandikoka malaya kuti ndikhale pansi.

"Mwini mbumba wanena, Lameki."

Tinashe anali pakhomo, akusewera ndi foni. Anangofunsa kuti, "Saka ndinoenda rini?" Iye chake chinali tsiku lonyamuka.

Pasipoti inatuluka msanga. Chitupa chake malume anatenga, akuti mapepala a mayiko awiri m'thumba limodzi amamangitsa pa malire. Anachiika m'sutikesi yawo yokiya.

Tinakhala bwino ndithu ku Durban. Iye ankagwira zitsulo, ine n'kumawotcherera. Anali wamanja ozizira, sankathamanga. Makasitomala ankamukonda kuposa ine. Pasipoti yake inkapita ndi dalaivala n'kubwera, mpaka ulendo wina dalaivalayo anasiya ntchito. Masiku anatha. Tinati tidzakonza.

Tsiku limene anayamba kuthamangitsa alendo tinali pa geti ya mayi wina wachizulu. Kunali dzuwa. Tinali titagula buledi ndi chakumwa pa kasitolo ka Mwiithiopiya, tinasiya pamthunzi kuti tidye tikamaliza mbali imodzi. Ndinali nditavala chigoba chakumaso, ndiye sindinaone kanthu. Tinashe ndiye anazimitsa makina.

Phokoso lake linali ngati la kubwalo la mpira timu ikagoletsa, koma losatha.

Mwini geti anatuluka m'nyumba. Sanatiyang'ane kumaso. Anatsegula kakhomo kakuseri n'kuloza kudambo. Kenako analowa, tinamva akukoka sofa kutsekera chitseko.

Mumsewu munadutsa mnyamata atasenza thumba la ufa. Pambuyo pake awiri atanyamula filiji ya Mwiithiopiya uja, chingwe chake chikukwekwereza pansi. Mmodzi wa iwo ndinamupangirapo bedi lachitsulo.

Ndinatola chitsulo. Tinashe anachigwira mbali inayo. Anakoka pang'onopang'ono mpaka ndinachisiya. Anachigoneka pansi bwinobwino, pambali pa zinzake, ngati tibweranso mawa.

Tinadutsa m'bango. Madzi anali onunkha, ofika m'mawondo. Kutsogolo kwathu kunali mayi atabereka mwana, wina atamugwira padzanja. Ana onsewo sanalire.

Pa mpopi wa kutsidya panagona munthu chafufumimba. Mpopiwo unali wotsegula, chigubu chake chinali chitadzaza n'kumasefukira. Ndinamudziwa ndi malaya. Anali wa ku Mozambiki, ankasoka nsapato pafupi ndi siteji. Tinamulambalala. Tinashe anatseka mpopi.

Titakwera kamtunda tinacheuka. Mzere wa nyumba zathu unali utsi wokhawokha. Munali zovala, ma TV, njinga, wailesi yomwe tinagulira amayi. Sindinamve kanthu. Ndinkangoganiza za buledi uja, kuti tinamusiya osatsegula.

Apolisi anatisonkhanitsa n'kutipititsa pa bwalo la mpira. Anamanga matenti oyera. Mvula inagwa, udzu unasanduka matope. Tinkaima pamzere wa tiyi, pamzere wa bulangeti, pamzere wa chimbudzi. Anthu ankalankhula motsitsa. Chimene tinapulumutsa ndi mapasipoti okha, chifukwa tinkayenda nawo m'sokosi tsiku lililonse, atakulungidwa m'pulasitiki.

Kenako kunabwera anthu ochokera kumayiko athu kudzalemba ofuna kubwerera. Dziko lililonse ndi tebulo lake. Tinaima pamzere wa Zimbabwe.

Ine anandilemba mosavuta. Tinashe anapereka moni m'Chishona, anatchula sukulu yake, anatchula mpaka pokwerera makombi, maminibasi a kwathu. Bambo wolembayo anaseka, anati Chishona chotere n'cha ku Chitungwiza kwenikweni. Kenako anatambasula dzanja kuti aone pepala. Tinashe anavula nsapato n'kupereka chimene anali nacho.

Bamboyo anayang'ana chikuto. Sanatsegule n'komwe. Anabweza, n'kuloza ndi cholembera tebulo lina.

Ndinafotokoza zonse. Anati timupatse chitupa, kapena nambala yake yokha. Tinashe nambalayo sankaikumbukira. Ndinabwereka foni kuimbira malume. Inalira osayankhidwa. Ulendo wina anayankha akazi awo, anati bambo apita kumsonkhano wa mpingo kumudzi wina ndipo kiyi wa sutikesi ali m'thumba mwawo.

Kukhala pabwalopo sikukanathekanso. Ankati akatseka matenti, amene masiku awo anatha awatengera kundende ya alendo.

Ndinagubuduza tebulo. Mapepala a anthu anagwera m'matope. Apolisi anandimanga manja ndi kachingwe kapulasitiki n'kundikhazika kuseri kwa galimoto yawo mpaka dzuwa litapendeka.

Atandimasula ndinapeza Tinashe ali ndi kachibangili kapepala padzanja kamene ankatimanga akatilemba, kosiyana mtundu ndi kanga. Anali atakalembetsa yekha. Anandiuza kuti mayi wa patebulo la Malawi anamufunsa mudzi ndi boma, iye n'kumawerenga m'pasipoti ngati dzina la mankhwala. Mayiyo atati, "Muli bwanji, achimwene?" iye anayankha m'Chishona kuti, "Ndiripo." Pofotokoza ankaseka pang'ono.

Ndinapita patebulolo kupempha kuti andilembe inenso. Ndinalankhula Chichewa cha agogo, chenicheni. Anaona pasipoti yanga, analoza tebulo limene ndinachokera.

Mabasi athu ananyamuka poyamba. Ndinati sindikwera. Tinashe anati, "Enda unoudza mhamha," pita ukawauze amayi. Anaima pawaya akudya buledi. Sanakweze dzanja. Inenso sindinakweze.

Za m'njira ndikukumbukira zochepa. Kutentha kwa pa Beitbridge. Mwana amene anasanza pa phazi langa. Munthu wina kumbuyo ankayimba nyimbo ya tchalitchi, mzere umodzi womwewo, palibe anamuletsa.

Ndinatsika pa Mbudzi, pamene msewu wochokera kumalire umakumana ndi wopita kwathu. Ndinakwera kombi. Hwindi, woitanira anthu, anapachikika pachitseko n'kumakuwa Zengeza ngati masiku onse. Mbuzi zinalipo, azimayi a tomato analipo. Zinandidabwitsa kuti palibe chimene chapsa.

Amayi ndinawapeza pamzere wa pamjigo, madzi a m'mipopi anali atasiyanso. Anandiona. Anayang'ana kumbuyo kwanga. Anapitiriza kuyang'ana kumbuyoko mpaka mayi wotsatira anawasunthira chidebe chawo kutsogolo.

Patapita masiku ochepa kunabwera uthenga pa nambala yachilendo. Tinashe anati mabasi a ku Malawi anyamuka, ndipo adzera ku Harare popita ku Nyamapanda. Njira yake ndi yomweyo, ya pa Mbudzi.

Amayi anapha nkhuku. Anaphika mpunga. Anaika m'kontena, anakulunga ndi juzi yake ya kusukulu imene inatsala pakhomo. Anati dalaivala ndi munthu, akaona mayi aima.

Tinafika m'mawa. Tinakhala pa mwala pafupi ndi ogulitsa chimanga chootcha. Basi iliyonse yaikulu ikaoneka amayi ankaimirira. Fumbi linawayeretsa mapazi. Sanadye, sanamwe.

Mabasi a ku Malawi anabwera masana, atandondozana, patsogolo galimoto ya apolisi ikuthwanima. Sanachepetse liwiro. Mawindo ambiri anali otseka makatani. Amayi anakweza phukusi lija m'mwamba ndi manja awiri n'kumayenda chammbali. Pa basi ina dzanja linamenya galasi. Sindikudziwa ngati linali lake.

Kenako msewu unabwerera kwa makombi.

Tinashe ali moyo. Ali ku Limbe, amathandiza munthu wina wokonza njinga zamoto. Mudzi wa m'pasipoti uja anaufunafuna n'kuupeza, koma dzina la agogo palibe analidziwa. Kuno angathe kubwera, koma ngati mlendo, ndi chidindo chomuuza tsiku lotuluka. Akuti tsiku lija anationa. Mwina amangonena. Akaimba foni masiku ano amapereka moni m'Chichewa. Amayi amamuyankha m'Chishona.

Pochokera pa Mbudzi tsiku limenelo tinapeza malume ali m'nyumba. A landilodi anali atawatsegulira. Anamva kuti ndabwera, akuti adzandione. Chipinda chathu n'chimodzi, mipando mulibe, ndiye anakhala pabedi laling'ono la kukhoma, chipewa chili pabondo.

Amayi anagwada n'kuwapatsa moni. Anamasula juzi, anatsegula kontena, anawapakulira nkhuku ija. Anawathirira madzi osamba m'manja. Malume anapemphera, anadya. Anandifunsa ngati makina anga owotcherera ndinabwera nawo. Ndinati ayi. Anapukusa mutu, anati zachisoni, makina ndi odula.

Njira yonse kuchokera ku Durban ndinkadziwa chimene ndidzawachite ndikadzawaona. Ndinkadziwa ndi dzanja lomwe. Koma ndinangoima pakhomo, manja ali lende, olemera ngati si anga.

Atatha kudya anapukuta pakamwa ndi mpango n'kutembenukira kwa amayi.

"Musadandaule, chemwali. Mulungu ali ndi njira zake. Mwana sanatayike, wapita kwawo."

Amayi anawerama.

Mawu anga anatuluka otsika, mpaka ineyo ndinadabwa.

"Kwawo ndi kuno, malume. Pamene mwakhalapo ndi pabedi pake. Dzukanipo."