Tsiku Limene Ndinakalipira Apongozi pa Chiweta

Ndinafika ku Rumphi kuchokera kwathu ku Ntcheu ngati dalaivala wa boma, zaka zija zipani zitachuluka, aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi kupatula mkamwini. Kumeneko ndinakonda namwino wina, mwana wa mphunzitsi wopuma amene analinso mkulu wa mpingo. Ndinamukonda mpaka kuonda. Vuto linali bambo ake: ankafuna mkamwini wa mapepala, pamene ine pepala langa linali laisensi basi.

Mkuluyu anali ndi kapikapu kokalamba komanso buku lachingerezi lofotokoza za galimoto. Bukulo analiloweza ngati katekisimu, koma sipanala sanaigwirepo chibadwire. Tsiku loyamba kupita kwawo anandiimika pa boneti, atavala tayi, kandodo kolozera kali m'manja.

"Tiuzeni, adada, mphamvu imayenda bwanji kuchoka mu injini kukafika ku matayala?"

Ndinayankha monga timanenera ku galaja. Petulo akaphulika amakankha pisitoni, pisitoni n'kuzunguza kilanki, kilatchi n'kupatsira giyabokosi, chitsulo chachitali cha kunsi chija n'kupititsa ku difu, difu n'kugawira matayala akumbuyo. Anapukusa mutu. Sindinalakwe kanthu, koma sindinayankhe m'Chingerezi, ndiponso "chitsulo chachitali" akuti si dzina. Atafunsa za mashoko ndinati ndi oletsa galimoto kudumphadumpha masipiling'i akapindika pa bampu. Iwo ankafuna tanthauzo la pa tsamba, liwu ndi liwu. Anatseka boneti n'kunena kuti za ukwatizo aziganizirabe. Ndinapsa mtima koopsa, koma ndinangowerama n'kuthokoza m'Chitumbuka chawo kuti, "Yewo."

Patapita milungu ingapo anandiitana kuti ndiwaperekeze ku Mlowe, abale awo akandione n'kupereka maganizo. Mwana wawo, namwino uja, anandikokera pambali tisananyamuke.

"Chonde osawatsutsa pa chilichonse. Mukangowayankha, zathu zathera pomwepo."

Kapikapu kaja ankayendetsa okha, ine nditakhala pambali. Nthawi imeneyo mafuta ankasowa. Titayamba kutsetsereka mapiri a ku Chiweta, mkulu uja anachotsa giya, galimoto n'kumangoyenda yokha.

"Tikusunga mafuta," anatero monyadira. "Injini ikamazungulira pang'ono imamwanso pang'ono."

Dalaivala aliyense amadziwa kuti pa mtsetse wotere giya suchotsa. Ndinaluma mlomo. Kona yoyamba tinakhota bwino, yachiwiri matayala analira. Kenako ndinamva fungo la mabuleki akupsa, ndipo ndinaona phazi lawo likupondaponda mpaka pansi, galimoto osamva. Kumbali kunali phompho. Mantha anandigwira, ulemu wonse n'kuuluka.

"Pondani kilatchi, bambo inu! Mutipha!"

Anaponda. Ndinawakankha dzanja, n'kukakamiza giya yachitatu, giyabokosi ikukukuta mano.

"Chotsani phazi pang'onopang'ono! Pang'onopang'ono ndati!"

Injini inabangula, galimoto n'kugwidwa. Tinalowetsa yachiwiri, ine ndikukoka handibuleki pang'onopang'ono, mpaka tinakaima pansi pafupi ndi timagolosale, matayala akufuka utsi. Ndinatuluka m'galimoto. Moyo ndinali nawo, koma ndinadziwa kuti mkazi ndaluza, pakuti ndinali nditakalipira mkulu wa mpingo ngati kondakitala wa minibasi.

Mkulu uja anayamba kukonza tayi imene inali bwinobwino.

"Fotokozani zimene zachitika," anatero.

"Mabuleki akatentha sagwira, bambo. Koma giya ikakhala mkati, matayala ndiwo amazunguza injini, mapisitoni n'kumalimbana ndi mpweya, ndiye galimoto siithawa."

"Zimenezo ziyenera kuti zili m'mutu womaliza wa buku lija," anatero motsitsa mawu. "Unadyedwa ndi chiswe."

Ku Mlowe abale atasonkhana pa khonde, anaimirira n'kulengeza kuti pa phiri paja anachotsa giya mwadala, pofuna kundiyesa. "Wakhoza chomene. Ulemu ndiwo wochepa, koma ameneyu ndiye mkamwini wathu." Onse anaomba m'manja kuyamikira nzeru za aphunzitsi, inenso ndinaomba nawo, mwinanso kuposa onse.

Pobwerera anandipatsa makiyi, ati mwendo ukuwawawa. Anayenda nawo bwinobwino mwendowo zaka zambiri, kutchalitchi, kumunda, kumaliro, koma akangoyandikira galimoto unkayambiranso. Sunapole mpaka tsiku limene ndinawayendetsa komaliza kupita kumanda, ndipo ndinalira osabisa.